Kuchokera ku chigayo mpaka m'mbale: kadyedwe ndi kulimbitsa thupi kopewera BP ndi shuga

Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mogwirizana ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse m'Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi (BP), ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Pafupifupi anthu 6 mwa 100 alionse anali ndi matenda a shuga. Matenda awiriwa amayamba mwakachetechete. Pofika pamene munthu wafa ziwalo mbali imodzi kapena maso ayamba kuchita chidima, thupi limakhala litavutika kwa zaka zambiri.

Ena akamva zimenezi amathamangira kuimba mlandu nsima. Nsima ilibe mlandu waukulu. Vuto lagona pa zimene timachotsa ku chakudya chisanafike m'mbale, zimene timathiramo, makamaka shuga, mchere ndi mafuta, komanso maola amene timatha titakhala pansi. Chakudya chabwino ndi chimene mukachiyang'ana mumadziwa kumene chachokera: chimanga, nyemba, mtedza, usipa, dzira, bonongwe, papaya. Koma chakudya chotere chimafuna luso posankha, posunga ndi pophika, chifukwa nachonso chimatha kudwalitsa munthu akachita nacho mphwayi.

Yambirani ku chigayo

Njere ya chimanga ili ndi mbali zitatu: khungu lakunja, kamtima kamene kamamera, ndi gawo loyera lokhutitsa. Mukakonola, khungu ndi kamtima zimapita ku madeya. Mukaviika mphale masiku atatu n'kutaya madzi, mavitamini ena otsala amapita ndi madziwo. Ufa woyera umatsala ndi gawo lokhutitsa lokha, limene thupi limasandutsa shuga msanga, ndiye chifukwa chake munthu amawodzera akangotha kudya, kenaka njala n'kubwerera posakhalitsa. Madeya amene timapatsa nkhuku ndi nkhumba ndiwo amakhala ndi mafuta achilengedwe, mavitamini a gulu la B, ndi gaga amene amachedwetsa kagayidwe ka chakudya n'kuthandiza kuti munthu asamadzimbidwe.

Mgaiwa umasunga zonsezi. Gramil ali pakati: ndi wokonola koma wosaviika. Ngati pakhomo panu anthu anazolowera ufa woyera, musasinthe tsiku limodzi, chifukwa ana ndi bambo adzaukira ndipo pakutha kwa sabata mudzabwerera kumene munachoka. Sakanizani gawo limodzi la mgaiwa ndi magawo atatu a ufa woyera kwa masabata awiri, kenaka theka ndi theka, kenaka mgaiwa wokha. Nsima ya mgaiwa imafuna kuti phala lake libwate nthawi yotalikirapo, mphindi 10 mpaka 15, musanayambe kuvundula. Ena amene amati mgaiwa umawatsegula m'mimba amakhala adya nsima yosapsa.

Mgaiwa uli ndi mavuto awiri oyenera kuwadziwa. Loyamba, mafuta a m'kamtima aja amaupangitsa kuwawa ndi kununkha ukakhalitsa, choncho gayitsani wokwana masabata awiri kapena atatu okha. Ukachoka ku chigayo uyanikeni uzizire musanauike m'ndowa yotseka, apo ayi umachita thukuta n'kuumbika. Lachiwiri ndi lalikulu: chuku ndi mankhwala osungira chimanga zimakhala kwambiri pakhungu la njere, ndipo mgaiwa suchotsa khungulo. Musanapite ku chigayo petani chimanga, sankhani n'kutaya njere zonse zowola, zosintha mtundu ndi zofumbwa, ndipo ngati munathira mankhwala a ufa, dikirani nthawi yolembedwa pabotolo, tsukani chimangacho n'kuchiyanika mpaka chiume. Matumba osalowa mpweya otchedwa PICS amapha anankafumbwe powamana mpweya, kotero amakupulumutsani ku nkhawa ya mankhwala.

Musadalire chimanga chokha. Mapira, mawere, mbatata, chinangwa, nthochi zophika ndi maungu zonse zimalowa m'malo mwa nsima kapena buledi. Mbatata yofiira mkati, monga Zondeni ndi Kadyaubwerere, ili ndi vitamini A wambiri, ndipo yophika ndi makoko ake imaposa buledi woyera pa kadzutsa. Chinangwa chowawa chokha n'chosachitira chidule: chisendeni, chiviikeni m'madzi masiku atatu mpaka asanu kufikira chifewe, kenaka chiume bwino musanagayitse ufa wa kondowole. Chili ndi poizoni amene amapuwalitsa miyendo. Mu 1981 anthu ambiri m'chigawo cha Nampula ku Mozambique analumala chifukwa chodya chinangwa chosakonzedwa mokwanira panthawi ya chilala.

Kagawidwe ka mbale

Alangizi a zaumoyo amaphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Maguluwa ambiri amawadziwa pamtima. Chimene chimasowa ndi muyeso. M'nyumba zambiri nsima imadzaza mbale, ndiwo n'kukhala zongonyowetsera mbamu. Tembenuzani zimenezi: theka la mbale likhale masamba, gawo limodzi mwa magawo anayi likhale nyemba, nsomba, mazira kapena nyama, ndipo gawo lotsalalo ndilo la nsima. Kwa munthu wogwira ntchito ya muofesi, wamugolosale kapena woyendetsa galimoto, mtanda umodzi kapena iwiri yofanana ndi chibakera chake ndi yokwana. Wolima tsiku lonse, wonyamula katundu kapena wopalasa kabaza akhoza kuwonjezera popanda vuto, poti thupi lake limaigwiritsa ntchito.

WHO imalangiza masamba ndi zipatso zosachepera magalamu 400 patsiku. Kunena kwina, ndi zipande ziwiri zodzaza za masamba ophika masana, ziwiri madzulo, ndi zipatso ziwiri. Sipafunika maapozi a m'sitolo. Mango, magwafa, masuku, masawu, malambe, mapapaya ndi manachesi zimabwera mosinthana chaka chonse, ndipo chipatso cha m'nyengo yake ndicho chotsika mtengo. Idyani chipatso chenichenicho. Mukafinya malalanje atatu n'kumwa madzi ake, mwamwa shuga wa malalanje atatu m'mphindi imodzi n'kutaya zotsalira zimene zikanachedwetsa shugayo kulowa m'magazi.

Masamba ambiri amawonongekera mumphika. Tsukani musanadule, osati mutadula. Thirani madzi ochepa, dikirani awire, ikani masamba, vundikirani, ndipo pakatha mphindi 5 mpaka 7 aphuleni akadali obiriwira. Bonongwe, nkhwani, chisoso, luni, kholowa ndi mpiru sizifuna zoposa pamenepo. Madzi otsala musataye, ndiwo msuzi. Soda ndi chidulo zimafewetsa therere ndi masamba okhwima, komatu zimapha mavitamini ena, makamaka C ndi a gulu la B. Thyolani masamba anthete kuti musafune soda. Nsinjiro kapena mafuta pang'ono ndi zofunika chifukwa vitamini A amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta. Chigwada chokha ndicho chosiyana ndi anzake: chisinjeni, chiwire kwa mphindi zosachepera 30 mphika uli wosavundikira, chifukwa masamba a chinangwa alinso ndi poizoni uja. Pokonza mfutso yanikani pamthunzi podutsa mphepo. Dzuwa lachindunji limawaula masamba n'kuwononga vitamini A.

Nyemba, nandolo, khobwe ndi nzama ziyenera kupezeka pakhomo masiku ambiri a sabata. Ziviikeni usiku wonse, maola 8 mpaka 12, tayani madziwo, thirani ena, ndipo ziwire mwamphamvu mphindi 10 zoyambirira musanachepetse moto. Kuviika kumapulumutsa makala, kumachepetsa mpweya wa m'mimba, komanso kumathandiza kuti thupi litenge ayironi wambiri, amene amafunika popanga magazi. Amene sanazolowere nyemba ayambe ndi chipande chimodzi, m'mimba muzolowera pakapita masabata awiri kapena atatu. Soya sagayidwa wosaphika: mukazingeni kapena kumuwiritsa kaye, kenaka sakanizani gawo limodzi la soya ndi magawo anayi a chimanga, mupeza ufa wa phala wabwino kwa ana ndi akulu omwe. Tiyi amatchinga ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba kuti asalowe m'thupi, choncho musamwere tiyi chakudya, dikirani ola limodzi. Tomato, ndimu kapena gwafa pachakudya chomwecho zimachita zosiyana, zimathandiza ayironi kulowa.

Pa mtedza mpofunika kuimapo pang'ono. Chuku cha mtedza chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa, ndipo amathandizira kuti ana apinimbire. Poizoniyu sachoka pokazinga kapena pophika. Mtedza wonyala, wosweka, wakuda kapena wowawa ndi wotaya, si woti "tisinje nsinjiro". Nsinjiro zogula kale m'timapepala simungadziwe kuti zinachokera ku mtedza wotani, choncho ndi bwino kugula mtedza wathunthu, kusankha nokha n'kusinja wokwana sabata imodzi. Chizolowezi chowaza madzi pa makoko kuti asavute kuswa ndicho chimaitana chuku. Sungani mtedza m'makoko ake, pamalo ouma, thumba lisagunde pansi kapena khoma.

Usipa, matemba ndi bonya zimadyedwa ndi mitu ndi minga yomwe, ndiye zimapatsa thupi kashiyamu wolimbitsa mafupa amene simungamupeze mu mnofu wa chambo. Ngati nsomba zaumitsidwa ndi mchere, ziviikeni m'madzi ofunda mphindi 15, tayani madziwo, ndipo musathirenso mchere musanalawe. Dzira limodzi patsiku lilibe vuto kwa anthu ambiri. Nyama yofiira ikhale ya apo ndi apo, yochotsa mafuta ooneka. Soseji ndi poloni n'zina: mu 2015 nthambi ya WHO yofufuza za khansa inaika nyama zokonzedwa chotere m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa ya m'matumbo. Mkaka wogula kwa mlimi uwire kaye, ndipo nyama ya nkhumba ipse mpaka mkati.

Shuga, mchere ndi mafuta: werengani masiku a paketi

Kuyeza ndi supuni pa chakudya chilichonse n'kotopetsa. Njira yosavuta ndi kulemba tsiku limene mwatsegula paketi n'kuona kuti yatha liti.

Mchere usafike magalamu 5 pa munthu wamkulu patsiku, ndiye kuti supuni yaing'ono imodzi yosasefukira, kuphatikizapo wobisika m'buledi, m'nsomba zouma ndi m'tizidutswa tokometsera ndiwo. Pabanja la anthu asanu, paketi ya magalamu 500 ikatha masiku 20 asanakwane, mchere wachuluka. Chotsani mchere patebulo, chepetsani wa mumphika pang'onopang'ono, ndipo kometserani ndi anyezi, adyo, tomato, jinja, ndimu ndi tsabola. Lilime limazolowera pakatha masabata ochepa. Wochepa umene mukugwiritsa ntchitowo ukhale wokhala ndi ayodini, wosungidwa m'botolo lotseka.

Shuga woonjezera asapitirire magalamu 50 patsiku, pafupifupi masupuni ang'onoang'ono 12, ndipo kutsika kufika pa 6 n'kwabwino koposa. Botolo limodzi la mamililita 300 la chakumwa chotsekemera limakhala ndi masupuni 7 kapena 8. Onjezani atatu a m'tiyi wam'mawa, atatu a m'phala ndi a m'thobwa, muona kuti muyeso umapyoledwa dzuwa lisanapendeke. Kilogalamu imodzi ya shuga pabanja la anthu asanu iyenera kudutsa sabata. Pochepetsa, chotsani theka la supuni m'tiyi sabata iliyonse. N'zoona kuti shuga wa m'dziko muno amathiridwa vitamini A, koma chimenecho si chifukwa chomudyera wambiri, vitamini yemweyo ali mu mbatata yofiira, maungu ndi mango.

Mafuta ophikira, supuni yaikulu imodzi kapena imodzi ndi theka pa munthu patsiku ndi yokwana, kutanthauza kuti lita imodzi ikwane pafupifupi masiku 9 kapena kuposa pabanja la anthu asanu. Ndiwo zosambira m'mafuta sizisonyeza kuti pakhomo pali ndalama. Mafuta a pachiwaya amene atenthedwa mobwerezabwereza mpaka kuda amasanduka oipa ku mitsempha ya magazi, choncho chipisi, kanyenya, mandasi ndi zitumbuwa zikhale za mwa apo ndi apo. Njala ya pakati pa tsiku ithetseni ndi chimanga chootcha, mtedza wodzaza dzanja limodzi, nthochi, mbatata kapena dzira lowiritsa. Amene amanyamula chakudya kuchokera kunyumba savutika ndi mayesero a pachiwaya.

Mukagula cha m'paketi, werengani mndandanda wa zimene zili mkati. Amalemba kuyambira chochuluka kwambiri. Shuga akakhala m'zinthu zitatu zoyambirira, chimenecho ndi switi ngakhale chitalembedwa dzina lokongola. Pomwe alemba sodium, chulukitsani nambalayo kawiri ndi theka kuti mupeze mchere wake.

Thupi liyende

Muyeso wa munthu wamkulu ndi mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za ntchito yofulumizitsa mtima pang'ono, kapena mphindi 75 mpaka 150 za yolemetsa monga kuthamanga. Pamwamba pake, masiku awiri pa sabata olimbitsa minofu. Mlingo woyenera mumaudziwa ndi mpweya: muzitha kulankhula koma muzilephera kuimba. Ngati mukuimba bwinobwino, onjezani liwiro. Ngati mukulephera kutulutsa mawu atatu, chepetsani.

Kulima, kusinja, kupopa mjigo, kupalasa njinga, kuvina ndi mpira zonse zimawerengedwa. Wakumudzi m'nyengo yolima amapyola muyesowu osadziwa, koma akakolola amatha miyezi ali pa bawo. Wam'tauni amachoka pakhomo pa kabaza, kukwera minibasi, kukhala pampando maola asanu ndi atatu, n'kubwereranso chimodzimodzi. Kwa iyeyu njira yachidule ndi kutsika siteji imodzi kapena ziwiri asanafike, n'kuyenda ndawala kotsalako. Mphindi 15 popita ndi 15 pobwera, masiku asanu, zakwana 150. Pantchito imirirani n'kuyendako mphindi ziwiri kapena zitatu ola lililonse. Kuyenda mphindi 10 mukangotha kudya kumathandiza kuti shuga asakwere kwambiri m'magazi.

Amene wakhala zaka osachita kanthu ayambe ndi mphindi 10 patsiku kwa masabata awiri, kenaka aziwonjezera mphindi 5 sabata iliyonse mpaka afike pa 30. Cholakwika chofala ndi kudzuka Loweruka limodzi n'kukwera phiri la Soche kapena la Bunda mothamanga, kenaka kugona sabata yonse ndi mawondo otupa, chidwi n'kuthera pomwepo. Mtima umazolowera msanga kuposa mawondo ndi akakolo, ndiye ngakhale mukumva kuti mphamvu zilipo, musalumphe masitepe.

Minofu imayamba kuchepa munthu akamakula, ndipo ndi imene imayamwa shuga wambiri m'magazi. Kuilimbitsa sikufuna jimu. Khalani pa mpando wolimba n'kudzuka osagwira paliponse, maulendo 10 mpaka 12. Imani patsogolo pa khoma, tsamirani ndi zikhato, pindani zigongono mpaka chifuwa chiyandikire khoma, n'kudzikankha kubwerera, maulendo 10. Tengani zigubu ziwiri za malita 5, chilichonse chikadzaza madzi chimalemera makilogalamu 5, ndipo yendani nazo masitepe 30 msana uli chilili. Gonani chagada, pindani mawondo, kwezani chiuno m'mwamba n'kuchitsitsa pang'onopang'ono, maulendo 10. Bwerezani zonsezi kawiri kapena katatu, mukupuma mphindi imodzi pakati, ndipo siyani tsiku limodzi lopumula musanachitenso. Zikayamba kupepuka onjezani maulendo kapena kulemera. Ponyamula chinthu pansi pindani mawondo, osati msana, ndipo musamange mpweya: tulutsani mpweya pokweza, chifukwa kuumanga kumakweza BP mwadzidzidzi. Okalamba awonjezere kuima ndi mwendo umodzi masekondi 20 atagwira khoma, kuti achepetse ngozi ya kugwa.

Thukuta si mafuta. Kuthamanga mutavala jekete ya pulasitiki masana a Okutobala kumangochotsa madzi m'thupi, ndipo kumadera otentha ngati Chikwawa, Nsanje ndi Salima kungakomole munthu. Tulukani m'mawa kapena dzuwa litapepa, imwani madzi, ndipo mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri dziwani kuti madzi akuchepa. Mumsewu yendani moyang'anizana ndi magalimoto, mutavala zowala. Masewera a pamimba pokha sachotsa mimba, imatsika thupi lonse likamatsika. Tiyi ndi zitsamba zimene amati n'zochepetsa thupi nthawi zambiri zimangotsegula m'mimba, ndipo zina zimapweteka impso ndi chiwindi.

Kudziyeza

Sikelo siuza zonse. Mafuta oopsa ndi a pamimba, aja ena amawatcha chizindikiro cha ubwana. Dulani chingwe chotalika ngati msinkhu wanu, chipindeni pakati, n'kuchizunguliza m'chiuno cha pamchombo mutatulutsa mpweya. Chikalephera kukumana, mimba yakula mopyola. Munthu wa masentimita 160 chiuno chake chisafike masentimita 80. Wofuna kuchepa thupi ayembekezere theka la kilogalamu pa sabata. Kutsika mofulumira kuposa apa nthawi zambiri ndi madzi ndi minofu, ndipo kuonda kosadziwika chifukwa chake n'kofunika kuchipatala.

Yezetsani BP kamodzi pachaka ngakhale mukumva bwino. Ikapezeka pa 140/90 kapena kuposa pa masiku awiri osiyana, m'pofunika kuonana ndi dokotala. Shuga woyeza m'mawa musanadye chilichonse akafika 7.0 mmol/L, kapena 126 mg/dL pa makina ena, ndi chizindikiro cha matenda a shuga. Tulo ta maola 7 kapena kuposa timathandiza pa zonsezi, pomwe fodya ndi mowa wambiri zimafafaniza phindu la mgaiwa ndi ndawala zanu.

Malangizo ochepetsa nsima ndi mafuta sakukhudza ana aang'ono, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, anthu oonda, kapena amene akuchira ku TB ndi matenda ena ofooketsa, chifukwa iwowa amafunika chakudya chochuluka. Odwala impso afunse kaye kuchipatala asanachulukitse nthochi, mapeyala ndi nyemba. Amene akumwa mankhwala a BP kapena a shuga asasiye chifukwa choti asintha kadyedwe, wochepetsa mankhwala ndi dokotala atayeza. Obaya insulin kapena kumwa mapiritsi a shuga a glibenclamide asachite masewera ndi njala, ayende ndi switi kapena shuga pang'ono m'thumba, ndipo akamva kunjenjemera, thukuta lozizira kapena chizungulire aime n'kudya pompo. Aziyang'ananso mapazi madzulo alionse ngati nsapato zawatupitsa matuza. Aliyense amene wamva kupweteka kapena kuthina pachifuwa, kubanika kosazolowereka kapena kukomoka ali pa masewera asiye nthawi yomweyo n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo.